Za Cambridge, musayambire pa maina a makampani

Akonzi,

Ndawerenga nkhani imene munatulutsa yonena za mzinda wa Cambridge ku England ndi makampani akuluakulu a zaumisiri ndi zamankhwala amene adzazana kumeneko. Mlembi wanu anatchula Arm, AstraZeneca, Microsoft ndi Illumina, kenako n'kufunsa kuti kwathu chikutiletsa n'chiyani kupatula malo, kumanga nyumba zagalasi ndi kuitana makampani otere. Maina onsewo ndi oona. Koma ine amene ndimagwira ntchito mu labotale ina konkuno, yosakaniza mankhwala oyezera ndi kusamala zipangizo, ndikuona kuti nkhaniyi yayambira kumathero. Tikukhala ngati munthu wosirira nkhokwe ya mnzake, osafunsa kuti munda anausosa liti. Makampaniwa anabwera mochedwa. Chimene chinayamba ndi ndalama za boma ndi za mabungwe achifundo, zoperekedwa chaka ndi chaka kwa anthu ochepa, popanda wowalondalonda kuti phindu lili kuti.

Mu 1947 bungwe la boma la Britain lopereka ndalama za kafukufuku wa zaumoyo, Medical Research Council, linayamba kulipira kagulu ka anthu awiri okha, Max Perutz ndi John Kendrew. Perutz, wochokera ku Austria, anali atayamba mu 1937 kufufuza mmene haemoglobin, chija chimanyamula mpweya m'magazi, inapangidwira. Yankho analipeza mu 1959. Zaka 22 ali pa funso limodzi. Ndiuzeni wopereka thandizo wa masiku ano amene angapirire zimenezo, poti lipoti amalifuna miyezi itatu iliyonse. M'kagulu komweko ndi mmene James Watson ndi Francis Crick anatulukira kapangidwe ka DNA mu 1953. Mu 1962 kaguluko kanasamukira pafupi ndi malo atsopano a chipatala cha Addenbrooke's n'kukhala Laboratory of Molecular Biology, imene anthu kuno amangoti LMB. Ntchito za m'menemo zapata mphotho za Nobel 12.

Nkhani imene ndikufuna owerenga aimve bwino ndi ya mu 1975. César Milstein wa ku Argentina ndi Georges Köhler wa ku Germany, ali ku LMB, anapeza njira yochulukitsira mtundu umodzi wokha wa ma antibody, tija thupi limapanga pozindikira ndi kugwira tizilombo. Aliyense amene anabayidwapo chala pachipatala, dontho la magazi n'kuikidwa pa kapulasitiki koyezera malungo, n'kumadikira kuti mizere ituluka iwiri kapena umodzi, anagwiritsa ntchito luso limeneli. Mzere uja umaoneka chifukwa ma antibody otere agwira chizindikiro cha kachilombo ka malungo. Kachipangizo koyezera mimba kamagwira ntchito chimodzimodzi. Koma bungwe la boma limene linkayenera kutenga patent, chikalata cha umwini wa luso latsopano, silinaonepo ndalama, ndipo silinatenge. Makampani a kunja, makamaka a ku America, ndi amene anayamba kudyerera, ndipo mpaka lero a ku Britain amaikumbuka nkhaniyi mowawidwa mtima.

Ulendo wachiwiri sanagonenso. Greg Winter, wa ku LMB komweko, anapeza njira yosinthira ma antibody a mbewa kuti thupi la munthu lisamawakane, ndipo ma patent anatengedwa. Iye ndi anzake anayambitsa kampani ya Cambridge Antibody Technology, imene luso lake linathandiza kupanga Humira, mankhwala a nyamakazi amene kwa zaka zingapo ankaposa mankhwala ena onse padziko lapansi pa ndalama zolowa. Mu 2006 AstraZeneca inagula kampaniyo pa mtengo wa mapaundi 702 miliyoni, mu 2016 inasamutsira likulu lake ku Cambridge, ndipo mu 2021 inatsegula chinyumba chake chagalasi chija munaika chithunzi chake m'nkhani yanu. Kuchokera pa Milstein kufika pa likulu la AstraZeneca panadutsa zaka 41. Nyumba yatsopano ya LMB, imene inatsegulidwa mu 2013, mbali ina inalipiridwa ndi ndalama za ma patent aja.

Ngakhale malo opatulidwira makampani, amene ambiri kwathu amaganiza kuti ndiye chinsinsi, sanadzaze msanga. Trinity College inakhazikitsa Cambridge Science Park mu 1970, lipoti la komiti ya Nevill Mott, wasayansi wa pa yunivesite ya Cambridge, litalangiza mu 1969 kuti mzindawu usiye kukaniza mafakitale a sayansi. Kampani yoyamba inalowa mu 1973, ndipo pofika kumapeto kwa zaka khumi zimenezo munali makampani pafupifupi 25. Trinity inatha kudikira chifukwa malowo anali ake kuyambira kalekale ndipo ndi koleji yolemera kwabasi, sinkadalira lendi ya mwezi umenewo kuti ilipire ngongole. Boma lokongola ndalama zomangira malo otere silingakhale ndi mtima wodekha chonchi.

Za Arm ndinene mwachidule poti mlembi wanu anazikhudza. Inabadwa mu 1990 kuchokera mu Acorn Computers, kampani yaing'ono imene inali itayamba kugwa, ndipo inayamba ndi mainjiniya 12 m'nyumba yakale ya pafamu m'mudzi wa Swaffham Bulbeck. Pulani yoyamba ya chip, kachipangizo kamene ndi ubongo wa foni kapena kompyuta, anajambula ndi Sophie Wilson ndi Steve Furber, ndipo inagwira ntchito mu 1985. Chimene nkhani yanu sinanene n'chakuti Arm ilibe fakitale yopanga ma chip. Imagulitsa makamaka pulani, ena n'kumapanga, iyo n'kumalandira kangachepe pa chip iliyonse. Foni ya Tecno kapena itel imene mayi wa pamsika wa Limbe amalandirira Mpamba ili ndi pulani ya ku Cambridge m'kati mwake.

Chinthu china chimene sichioneka pa mndandanda wa maina ndi kufupikirana. Mukaima m'mawa pa Cambridge Biomedical Campus muona njinga zakapalasa zikutsanuka kuchokera mbali ya Great Shelford, pa kanjira kamene anapakapo timizere tamitundumitundu 10,257 toimira zilembo za BRCA2, mbali ya DNA yokhudzana ndi khansa ya m'mawere. Okwera njingazo ena ndi madokotala a Addenbrooke's, ena a Royal Papworth, chipatala cha mtima ndi mapapo chimene chinasamukira pompo mu 2019, ena a LMB, ena a AstraZeneca, ndipo kuchoka khomo lina kufika lina ndi mphindi zochepa wapansi. Munthu amachoka ku yunivesite n'kulowa kampani, kampaniyo ikagwa mawa lake wapeza ntchito kutsidya kwa msewu, nyumba osasamuka, ana osasintha sukulu. N'chifukwa chake anthu kuno saopa kuyambitsa chinthu chimene chingalephere. Njira yowerengera DNA imene makina a Illumina amagwiritsa ntchito inachokera kwa Shankar Balasubramanian ndi David Klenerman, aphunzitsi a chemistry amene ankakambirana maganizo awo pa bala ya Panton Arms, n'kuyambitsa kampani ya Solexa mu 1998. Onaninso kumene anthuwa anachokera: Austria, Argentina, Germany, India. Koma Britain yomweyi lero imalipiritsa mlendo mapaundi 1,035 pachaka a zaumoyo pamwamba pa ndalama ya visa, kenako n'kumadabwa kuti akatswiri akusankha kwina.

Tsono nazi zimene otamanda Cambridge amadumpha. Choyamba, mwini wake wa zonsezi ndani? Solexa inagulidwa ndi Illumina ya ku America mu 2007. Arm inagulidwa ndi SoftBank ya ku Japan mu 2016 pa mapaundi pafupifupi 24 biliyoni, ndipo pamene inabwerera pa msika wa masheya mu 2023 inasankha New York, osati London, ngakhale nduna za boma zinachonderera. Makampani enanso a kuno anagulidwa ndi a ku America: Abcam inapita kwa Danaher mu 2023, Darktrace kwa Thoma Bravo mu 2024. Raspberry Pi ndi imodzi mwa zochepa zimene zinasankha London. Nzeru zimamera kuno, koma zikayamba kubala, mwini ndalama amachokera kutsidya la nyanja. Ngati Britain ndi mabanki ake onse akulephera kusunga zake, dziko losauka liyenera kuganizira za umwini lisanaike njerwa yoyamba.

Chachiwiri ndi moyo wa anthu wamba. Nyumba wamba mu Cambridge imagulidwa pafupifupi theka la miliyoni ya mapaundi. Mu 2018 bungwe la Centre for Cities linapeza kuti mwa mizinda yonse ya Britain, kuno ndi kumene olemera ndi osauka atalikirana kwambiri. Ife otsuka mabotolo a mu labotale, anamwino, oyeretsa m'mawodi ndi osamalira okalamba, amene pakati pathu pali Amalawi, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe, ambiri timagona kunja, ku Haverhill, Ely, Huntingdon, ena mpaka Peterborough. M'nyengo yozizira basi yoyamba timaikwera kuli mdima, anthu ali chete ndi zikwama za nkhomaliro pamiyendo, ena akuwodzera atavala kale yunifolomu. Kufupikirana kuja ndakutamanda ndi kwa okhawo amene angathe kulipira lendi ya m'tauni. Nawo madzi ayamba kuvuta. Dera lino ndi louma kuposa madera ena a Britain, madzi amapopedwa pansi pa nthaka, ndipo timitsinje tikuphwa, moti Environment Agency, bungwe la boma loona zachilengedwe, inafika pokaniza mapulani omanga nyumba zikwizikwi. Boma likulankhula zokulitsa dera lonse kuyambira Oxford mpaka Cambridge, koma damu lalikulu limene akulidalira, kufupi ndi Chatteris, likadali pa pepala.

Kwathu sikuti tili kutali ndi nkhaniyi ayi, tili m'kati mwake, kungoti tili kumunsi. Ku Hinxton, kum'mwera kwa Cambridge, kuli Wellcome Sanger Institute, imene inawerenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a DNA yonse ya munthu pa ntchito yaikulu ija ya mayiko angapo. Mtundu wa Salmonella wotchedwa ST313, umene umalowa m'magazi a ana odwala malungo kapena onyentchera ndi a akulu amene ali ndi HIV, unadziwika bwino mu 2009 kumeneko, atawerenga DNA ya kachilombo kotengedwa mwa mwana wa ku Blantyre. Madokotala a ku chipatala cha Gulupu ndi a bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome ndi amene anaona vutoli pa odwala awo n'kusunga tizilomboto zaka zambiri. Nsomba za m'nyanja ya Malawi, mbuna ndi utaka, DNA yake yawerengedwanso komweko. Ubale umenewu wapindulitsa odwala, sindikutsutsa. Koma uli ndi minga yake: mu 2019 Stellenbosch University ya ku South Africa inapempha a Sanger kuti abweze DNA ya anthu a mu Africa, itamva kuti panali mapulani opanga nayo chipangizo chogulitsa. A Sanger anakana kuti sanaphwanye pangano lililonse, komabe nkhaniyi inatsegula maso ambiri.

Ndiye ngati tikufuna kuphunzira kwa Cambridge, tisayang'ane tchire loti tilambule. Tiyang'ane ku Ginnery Corner. Chipatala cha Gulupu, KUHeS, Malawi-Liverpool-Wellcome imene yakhalapo kuyambira 1995, ndi MUBAS, Poly yakale ija, zonse zili poyenda wapansi. Katemera wa tayifodi amene ana athu anayamba kulandira m'dziko lonse mu 2023 anayesedwa pa ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa. Makina a Pumani othandiza makanda obadwa masiku osakwana kupuma, amene amagwiritsa ntchito timapampu tonga ta m'mathanki owetera nsomba, anayesedwa ndi kukonzedwa pa wodi ya ana ya pa Gulupu mogwirizana ndi Rice University ya ku Texas. Koma kampani imene inayamba kuwapanga ndi kuwagulitsa ndi ya ku California. Imeneyi ndi nkhani ya Milstein yomwe ija, yachitikira pakhomo pathu. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalama zimene zikuyendetsa kafukufuku wa ku Blantyre zambiri n'zakunja ndipo zimabwera m'mapulojekiti a zaka zitatu kapena zisanu. Pulojekiti ikatha, mnyamata amene waphunzira kuyendetsa makina owerengera DNA amayamba kufunsa za visa, ndipo ena mwa iwo timakumana nawo m'basi ija ya m'mawa.

Pempho langa kwa inu akonzi ndi lakuti mutumize mtolankhani ku Ginnery Corner, asakafunse za masomphenya, akafunse zinthu zowerengeka. Mwa ogwira ntchito m'malabotale a kumeneko, ndi angati amene malipiro awo amachokera ku boma la Malawi ndipo ndi angati amene ali pa kontirakiti ya pulojekiti? Makina akawonongeka, wokonza amachokera kuti, ndipo amatenga masabata angati? Mankhwala oyezera amene amafunika kukhala mufiriji amakhala masiku angati pa kasitomu? Wophunzira wa ku MUBAS akapanga chipangizo pogwiritsa ntchito zida za sukulu, patent imakhala ya ndani, ndipo pepala lonena zimenezo lilipo? Akafunsenso ku National Commission for Science and Technology kuti chaka chatha anapereka ndalama zingati za kafukufuku zochokera m'thumba la boma, kwa anthu angati, za zaka zingati. Mayankho amenewo muwasindikize pa tsamba lomwe lija munaikapo chithunzi cha nyumba ya AstraZeneca.

Ine wowerenga wanu,
Mmalawi wokhala ku Haverhill, England