Ounika makampani a fodya azifunsa wothyola tsamba

Akonzi,

Makampani ogula fodya amatulutsa malipoti okongola onena kuti aunika ntchito zawo ndipo akulemekeza ufulu wa anthu. Funso langa ndi limodzi: pounikapo amafunsa ndani?

Mfundo za malonda ndi ufulu wa anthu zimene anakonza katswiri wina, John Ruggie, zomwe bungwe la United Nations linavomereza mu 2011, zimati kampani ifufuze mavuto amene malonda ake angadzetse, ngakhale kwa alimi amene amaigulitsa katundu, ndipo ikambirane ndi anthu okhudzidwawo. Pokambirana ndi anthupa ndiye pagona nkhani.

Ambirife a ku Mufakose ndi ku Mabvuku tili ndi abale m'mafamu a ku Mashonaland, zidzukulu za agogo amene anachoka ku Nyasaland kudzafuna ntchito. Akabwera kuno ku Harare nyengo ya okushoni amatisimbira. Tsiku lobwera alendo odzaunika pafamu limadziwikiratu. Kapitawo amagawa magolovesi ndi magambutsi atsopano, ana amauzidwa kuti asayandikire kumabalani. Mlendo uja amayamba wakhala muofesi ndi bwana kuwerenga mafaelo, kenako n'kuitana antchito awiri atatu, kapitawo ali chilili pomwepo, ndipo womasulira ndi iye yemweyo. Ndani angatsegule pakamwa kuti malipiro achedwa, pamene nyumba imene akugona ndi ya bwana? Enanso alibe ndi chitupa chomwe, moti kudandaula amakuona ngati kudziitanira mavuto.

Pamene a bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Watch anacheza ndi antchito paokha, lipoti lawo la mu 2018 linapeza ana akugwira ntchito m'minda ya fodya muno m'Zimbabwe. Ana ndi akulu omwe ankadandaula nseru, kusanza, mutu ndi chizungulire, zizindikiro za chikonga cholowa pakhungu munthu akamagwira tsamba, makamaka lonyowa. Ambiri anali asanauzidwepo za matendawa. Nanga oyendera mafamu aja anali kuti?

Makampani asamaone ngati izi n'zachabe. Mu 2019 dziko la America linayamba kuimitsa fodya wa ku Malawi pamadoko ake chifukwa cha nkhani za ntchito yokakamiza, ndipo mu 2020 matenanti zikwizikwi a ku Malawi anasumira makampani a fodya a British American Tobacco ndi Imperial Brands kukhoti ku London.

Malamulo aakulu a dziko lino a mu 2013 amamanga makampani pa nkhani za ufulu, osati boma lokha, ndipo Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Choncho ndikupempha a TIMB, bungwe loyang'anira malonda a fodya, ndi a Zimbabwe Human Rights Commission kuti alimbikire izi: ounika azifika mosadziwitsa, m'mawa nyengo yothyola mame asanakamuke, ndipo azitenga womasulira wawo wodziwa Chichewa ndi Chishona. Azicheza ndi amayi osankha fodya kukomponi, kapitawo ali kutali. Zimene apeza abwerere akaziwerenge pamaso pa antchito omwewo.

Wowerenga wanu,
Mufakose, Harare