Loweruka lino: kufufuza mawu amene makasitomala amalemba pa Google

Mamembala anzanga,

Pa msonkhano wa Loweruka lino tidzaphunzira kupeza mawu amene anthu amalemba pa Google akamasaka malonda ngati athu, komanso kukonza masamba a webusaiti tisanalipire woimanga. Zida zonse ndi zaulere.

Tidzayamba ndi Google Trends, chida choonetsa mmene kusaka kwa mawu pa Google kumakwerera ndi kutsika. Mumasankha dziko la Malawi n'kuyerekeza mawu awiri, monga "nyumba ya lendi" ndi "house for rent". Manambala ake, kuyambira 0 mpaka 100, si chiwerengero cha anthu ayi: 100 imangosonyeza nthawi imene mawuwo anasakidwa kwambiri. Mawu a Chichewa nthawi zambiri sabweretsa kanthu kumeneko, koma musawataye. Alembeni pang'onopang'ono m'kabokosi ka Google, muone zimene ikukumalizirani.

Keyword Planner, chida choonetsa kuti mawu amasakidwa kangati pamwezi, imafuna akaunti ya Google Ads, yotsatsira malonda pa Google. Ngati simukulipira zotsatsa, imangopereka manambala ongoyerekeza, monga pakati pa 100 ndi 1,000 pamwezi. Kwa ife zimenezo n'zokwanira.

Amene muli kale ndi webusaiti, chonde lembetsani webusaitiyo ku Search Console, chida china cha Google, sabata ino. Imaonetsa mawu enieni amene anthu analemba n'kukupezani, ndipo imasunga mbiri ya miyezi 16. Kwa ine, chida chimenechi chimaposa zonsezo.

Pomaliza tidzajambula mabokosi pa diagrams.net, pulogalamu yojambulira pa intaneti, tsamba lililonse la webusaiti bokosi lake: malonda, mitengo, kumene tili. Pepala ndi bolopeni zimagwiranso ntchito.

Bwerani ndi laputopu kapena foni yotchaja, bando yokwanira, ndipo mukumbukire pasiwedi ya Gmail yanu.