Musanaphwanye chiliza chakale, yambani mwachijambula

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndiyankhule ndi anzanga amene akusonkherana ndalama zomangira ziliza chilimwe chino.

Mwezi watha ndinapita kwathu ku Thyolo kukafufuza chaka chimene anamwalira agogo anga aamuna, omwe anakagwirako ntchito kumigodi ya ku Joni nthawi ya Wenela. Kunyumba kulibe pepala ngakhale limodzi lonena za iwo. Paja lamulo loti mwana aliyense alembetsedwe akabadwa linayamba kugwira ntchito mu 2015, choncho makolo athu ambiri mbiri yawo inatsalira pachiliza pokha.

Kumanda salowako ngati kumsika. Ndinayamba ndakagwada kwa amfumu, iwo n'kutipatsa mdzukulu wotiperekeza ine ndi amalume. Chilizacho tinachipeza chitachita bii ndi ndere. Amalume anasolola chikwanje kuti apale, koma ndinawagwira mkono. Simenti yakale imafumbutuka. Ukaipala ndi chitsulo, zilembo zimachokera limodzi ndi nderezo. Tinangothira madzi apachitsime, kudikira kuti zifewe, kenaka n'kumatsuka pang'onopang'ono ndi mswachi wakutha. Mankhwala oyeretsera zovala sitinayerekeze, amadya simenti.

Titajambula masana, pafoni sipanaoneke kanthu. Tinabwereranso m'mawa mwake dzuwa likungosuzumira, kuwala kukumenya chapambali, ndiye timizere ta zilembo tinachita mthunzi. Zilembo zolemba ndi msomali simenti isanaume zinatulukira chimodzichimodzi: 1968, ndipo pansi pake dzina la paubwana la agogo, limene ife zidzukulu sitinalimvepo. Amalume anangoti khuma, kenaka anayamba kutchula abale a agogo mmodzimmodzi, ine ndikulemba.

Chandiwawa ndi chiliza cha agogo aakazi. Achibale anachiphwanya chaka chatha n'kumanga cha matailosi. N'chokongola ndithu, sindikutsutsa, koma palibe amene anajambula chakalecho, ndipo chaka chimene analembapo anachita chongoganizira. Ena amapaka laimu chaka ndi chaka mpaka zilembo kukwiririka.

Chonde, nyundo isanagwe pachiliza, jambulani kawiri: pafupi kuti zilembo ziwerengeke, ndi chapatali kuti mtengo ndi manda oyandikana nawo aoneke. Tumizani zithunzizo pagulu la WhatsApp la banja, koma chimodzi mukatsukitse, muchisunge m'Baibulo, poti mafoni amatayika.

Wowerenga wanu,
Ndirande, Blantyre