Lipoti la ku msonkhano wa okonza kernel: maloko ndi kawerengedwe ka memory

Anzanga nonse,

Munandituma ku msonkhano wa okonza kernel ya Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina, ndi funso limodzi: n'chifukwa chiyani maseva athu amayamba kuchedwa makontena (zipinda zopatukana momwe timayendetsera mapulogalamu) akachuluka, chonsecho memory ikadalipo yambiri? Ndabwerako bwino, ndipo ndikuthokoza pondikhulupirira. Nthawi yanga yambiri ndinathera m'chipinda momwe ankakambirana za memcg, gawo la kernel lomwe limawerengera memory ya gulu lililonse la mapulogalamu (cgroup).

Gwero la vutoli ndi ili. Pulogalamu ikapempha peji, kachidutswa ka memory, kernel iyenera kulemba kuti pejiyo yapita ku gulu lakuti, n'kuonanso ngati gululo silinadutse malire ake a memory.max. Pa makina a CPU imodzi palibe nkhani. Pa makina a ma CPU 128, onse amafuna kulemba m'kaundula mmodzi nthawi imodzi. Memcg italowa mu Linux 2.6.25 mu 2008, kaundulayu ankatetezedwa ndi spinlock: CPU imodzi ikagwira loko, zinzake zinkangozungulira pakhomo kudikira, osagwira ntchito ina. Mu Linux 3.19, chaka cha 2015, a Johannes Weiner anachotsa lokoyo n'kuikapo page_counter, kaundula wosafuna loko.

Kachitidwe ka page_counter kanandichititsa chidwi. Imayamba yawonjezera nambala, kenaka n'kuona ngati yadutsa malire, ndipo ngati yadutsa imabweza. Choncho pempho lalikulu lomwe likulephera lingachititse kuti pempho laling'ono lofika nthawi yomweyo likanidwenso, pamene malo ake analipo. Okonza anadziwa zimenezi ndipo anazilola mwadala, poti kulakwitsako n'kochepa poyerekeza ndi kuimitsa ma CPU onse pamzere.

Komatu loko ikachoka, kulimbirana sikutha. Nambala ija imakhala pamalo amodzi mu memory, ndipo CPU iliyonse yofuna kuisintha iyenera kulanda cache line (kachidutswa ka memory kosungidwa mkati mwa CPU) kwa inzake, n'kuchitanso chimodzimodzi pa gulu la pamwamba, ndi la pamwamba pakenso. Mankhwala ake ndi akuti CPU iliyonse imatapiratu mapeji ambiri kamodzi n'kusunga pambali, ndipo mapempho otsatira imawapatsa kuchokera pamenepo. Kale inkatapa mapeji 32, kuyambira Linux 6.1 imatapa 64. Tawerengani nane: mapeji 64 a 4 KB ndi 256 KB, kuchulukitsa ndi ma CPU 128 ndi 32 MB. Ndiye kuti memory.current, fayilo yoonetsa memory yomwe gulu likugwiritsa ntchito, ingaonetse memory yochuluka chonchi yomwe palibe pulogalamu yaigwira. Kwa kontena yomwe taipatsa 64 GB, zimenezi sizioneka n'komwe. Kwa timakontena tathu tija ta 128 MB, ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo gulu likayandikira malire kernel imayamba kuuza ma CPU kuti abweze zomwe anasunga, zomwenso zimadya nthawi.

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti mbali ina ya vutoli tinalipanga tokha. Manambala a mu memory.stat, fayilo ya tsatanetsatane wa memory ya gulu, sasungidwa pamodzi. CPU iliyonse imalemba ake, ndipo njira yotchedwa rstat imawasonkhanitsa. Kernel imachita zimenezi payokha masekondi awiri alionse, komanso wina akawerenga fayiloyo zosintha zitachuluka. Kwa zaka zingapo kusonkhanitsaku kunkadalira loko imodzi ya makina onse, ndipo kernel yomwe tikugwiritsa ntchito ndi ya nthawi imeneyo. Pulogalamu yathu yoyang'anira maseva imawerenga memory.stat ya kontena iliyonse sekondi iliyonse. Ndine amene ndinaika nthawi imeneyo, pofuna kuti ma graph athu azionetsa zenizeni. Ndinali ndisanadziwe kuti kufunsa kwathuko kukuimitsa ntchito zomwe tikufuna kuziteteza.

Za loko ya LRU sindichulukitsa mawu. Mpaka Linux 5.11, mu 2021, mndandanda wa mapeji oyenera kuchotsedwa memory ikachepa unali ndi loko imodzi pa node yonse, kutanthauza chigawo chonse cha memory ya makina. Ntchito ya a Alex Shi inapatsa gulu lililonse loko yakeyake. Ife tili nazo kale zimenezi.

Mkangano weniweni unali pa funso lina: kodi kuwerengera kungachitike pamalo alionse mu kernel? Zosunga za CPU zija kale zinkatetezedwa pongotseka ma interrupt, zizindikiro zomwe zimadukiza ntchito ya CPU. PREEMPT_RT, njira yothandiza kernel kuyankha pa nthawi yake, yomwe inalowa kwathunthu mu Linux 6.12 mu 2024, sifuna ma interrupt atsekedwe nthawi yaitali, ndiye okonza anasamukira ku local_lock, loko ya CPU iliyonse payokha. Mapulogalamu a BPF, omwe amayenda mkati mwa kernel, nawo amatha kuyamba pakati pa NMI, interrupt yomwe sitsekeka. NMI ikafika CPU itagwira kale loko, n'kufunanso loko yomweyo, CPU imadzidikira yokha mpaka kalekale. Yankho lake ndi kuyesa loko kamodzi, ikakhala yogwidwa n'kulambalala kukalemba mwachindunji mu page_counter. Ena ankadandaula kuti njira zapaderazi zikuchuluka moti munthu mmodzi sangazisungenso m'mutu. Ine ndili mbali yawo, ngakhale ndikuvomereza kuti njira yabwino kuposa iyi sindinaimve.

Ndinamvanso za magulu omwe anafufutidwa koma sakuchoka, chifukwa mapeji a page cache, osunga zomwe zawerengedwa m'mafayilo, akulozabe kwa iwo. Amaunjikana, ndipo ntchito iliyonse yoyendera magulu onse imatalika. Ndili komweko ndinayang'ana nr_dying_descendants, chiwerengero cha magulu akufawa, mu fayilo ya cgroup.stat pa seva yathu imodzi, ndipo akufa anaposa amoyo.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira tigwirizane zotalikitsa nthawi yowerengera memory.stat kufika masekondi 15, komanso kuti timakontena tating'ono tizitiika pa ma CPU ochepa pogwiritsa ntchito cpuset. Maseva atatu omwe akadali pa cgroup v1, njira yakale yoyendetsera magulu, asamukire ku v2, yomwe yakhala yokhazikika kuyambira Linux 4.5 mu 2016. Ndikufunanso seva imodzi yoyeserera kwa masabata awiri, ndiyendetsepo perf lock contention, chida choyezera kulimbirana maloko, tisanasinthe kanthu ndi titasintha. Amene angandithandize pa kuyesaku andiuze sabata ino.