Madzi oundana amene anaphwanya chombo

Wokondedwa mphwanga Chisomo,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amayi ako ku Nchalo kumeneko. Andiuza kuti kutentha kwa mwezi uno kwakuchititsa kufunsa ngati kuli dziko lozizira mpaka nyanja n'kuuma. Liliko ndithu, mwanawe.

Kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi, ku Antarctica, nyanja imaundana pamwamba kukazizira kufika pafupifupi madigiri 2 pansi pa ziro. Madzi oundanawo samira, chifukwa ndi opepukirako kuposa madzi wamba. Mafunde amawaswa n'kukhala zibenthu zoyandama, zina ngati mphasa, zina zoposa bwalo la mpira.

Ukudziwa namasupuni wa mu Shire? Tsinde limodzi ngakhale iwe ungalikankhe ndi dzanja, koma akaunjikana, bwato limakanika kudutsa. Zibenthu zija zimateronso. Mphepo ikazikankha zimagundana, kusweka, kukwerana, mpaka kupanga mulu. Kamene kamaoneka pamwamba n'kochepa, mbali yaikulu ili pansi pa madzi. Kuzizira kukapitirira, zibenthu za pamwamba zimamatirirana n'kukhala chimwala chimodzi cholimba zedi, pomwe za pansi zimangotsamirana.

M'chaka cha 1915 zibenthu zotere zinazinga chombo chamatabwa chotchedwa Endurance, cha Ernest Shackleton, mtsogoleri wa ulendo wokafufuza ku Antarctica, m'nyanja ya Weddell ya ku Antarctica komweko. Zinachipana miyezi yambiri, matabwa akulira, mpaka chinasweka n'kumira. Chimandisangalatsa n'chakuti anthu onse 28 amene anali m'chombomo anapulumuka. Chombocho chinapezeka mu 2022, pansi pa nyanja mamita oposa 3,000, ndipo amene anachipeza ananyamukira ku Cape Town.

Komatu madzi oundana ali ndi pofooka pake. Ukamawapanikiza amalimba, ukawapinda amathyoka msanga. N'chifukwa chake zombo zoswa madzi oundana sizimangogunda ayi. Kutsogolo kwake n'kopendekeka, ndiye zimakwera pamwamba, kulemera kwake n'kuwathyola.

Upemphe amayi ako athire madzi pang'ono m'mbale yaphanthiphanthi, akaiike mufiriji kwa amene ali nayo. Akaundana, ugoneke chibenthucho patebulo n'kuchisindikiza ndi dzanja. Kenako uchigwire uku ndi uku, uyese kuchipinda. Uchite mwachangu, poti kwanuko sichichedwa kusungunuka. Udzandilembere zimene waona.

Upereke moni kwa agogo ndi mlongo wako.

Ndine malume ako okukonda.