Mphaka akadwala musathamangire kutenga wina

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndilankhule ndi anzanga kuno ku Harare, makamaka ife a ku Mufakose, Mbare, Mabvuku ndi Tafara amene timaweta amphaka chifukwa cha makoswe basi, osati kuti tili ndi ndalama zoseweretsa ayi.

Mphaka wathu wamkulu, ana amamuti Kambuku, anayamba kuyetsemula nthawi yozizira ija ya mu June, mamina chuchuchu, maso odzadza manthongo, chakudya kungonunkhiza nkuchisiya. Makoswe ndiye anangoti laponda lamphawi mpaka kuboola thumba la ufa. Apongozi anga akuti, "Amake mwana, uyutu watha ntchito, pitani kwa aneba aja mphaka wawo waswa mukatengeko kamodzi." Ine osaganiza kawiri ndinakatengadi, nkukagoneka pa chisaka chomwecho cha Kambuku, mbale imodzi, eti azolowerane. Sabata isanathe kamwana kaja kayamba nako kuyetsemula, maso kumatika osatsegula, ndiye poti ndi kakang'ono kanafooka msanga kuposa mkuluyo. Kanapulumuka koma diso limodzi linachita ng'ala mpaka lero.

Adokotala a ziweto ndi amene ananditsegula mutu. Chimfine cha amphaka nthawi zambiri chimabwera ndi mavairasi awiri, herpes ndi calici, ndipo sichipita kwa anthu. Koma wa herpes uja akalowa satulukanso, amabisala mthupi moyo wonse wa mphakayo nkumadzuka mphaka akasokonezeka mtima, ndiye tangoganizani, palibe chimene chimamusowetsa mtendere mphaka ngati kuona mlendo pa mbale yake. Ndiye kuti ine ndinapweteka onse awiri, wodwala ndinamuonjezera nkhawa, wabwinobwino ndinamuponya pamoto. Wa calici amatha kukhala wamoyo pa mbale kapena pansi mpaka mwezi.

Koma abale choopsa zedi ndi matenda aja a kusanza ndi kutsegula mmimba, a vetenale amati panleukopenia. Amapulula tiana masiku ochepa, ndipo kachilombo kake kamakhala mnyumba mpaka chaka. Ndi apa timalakwitsa ambirife, kamphaka kafa lero mawa tatenga kena, kafanso, kachitatu chimodzimodzi, kenako tiyambe kuloza agogo a kuseri kuti akutilodzera amphaka. Si ufiti umenewo, ndi chisaka chija simunawotche.

Ine ndikuti ngati mulibe chipinda chopatula, musatenge mphaka wina, tcherani msampha kaye. Ndikudziwa nyumba zathuzi, zipinda zinayi, china muli loja wochita lendi, china ana, mphaka umupatula kuti? Koma ngati malo alipo, watsopanoyo akhale kwayekha masabata awiri osachepera ngakhale akuoneka wathanzi, mbale yake, madzi ake, mchenga wake wochitiramo chimbudzi, ndipo wodwalayo achire kaye osati kungoti wayamba kudya ndiye basi. Mukamawasamalira yambani ndi wabwinoyo, wodwala pomaliza, nkusamba mmanja ndi sopo, ana ndiye muwauzitse chifukwa iwowa amanyamula uyu nkukanyamula uyo. Mbale tsukani ndi sopo kaye kenako muviike mu Jik wosungunula, kapu imodzi pa makapu 32 a madzi, mphindi 10, nkutsukuluza bwinobwino. Madzi ndi ovuta inde, tonse timaima pamzere ku mjigo, koma apa musaumire. Mankhwala aja okolopera amene amayera ngati mkaka ukawathira mmadzi asiyeni, ndi poizoni kwa mphaka. Panado ndiye musayerekeze nkomwe, piritsi limodzi lokha litha kumupha.

Katemera kamwana kamabayidwa kali ndi masabata 8 kapena 9, nkubwerezanso patatha masabata 3 kapena 4, ndipo jekeseni sagwira tsiku lomwelo, mudikireko musanawasakanize. Wa chiwewe osaiwala. Kuli SPCA, bungwe loteteza ziweto ku nkhanza, kulinso a zaziweto ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, funsani kumeneko mtengo musanangoti nzodula. Ngati mphaka wanu ndi uja woyendayenda usiku wobwera ndi mabala, mukayezetse magazi, kuli FIV imene anthu amati edzi ya amphaka, imafala polumana, ndi ina ya leukaemia yoyenda mmalovu akamanyambitana kapena kudyera mbale imodzi. Musachite mantha nkukamutaya ku mtsinje wa Mukuvisi, zimenezo sizigwira munthu. Chimene chimagwira ana ndi chipere, mukaona mphaka wathothoka ubweya mozungulira ngati kobiri musamulole pabedi.

Pano Kambuku ndi kadiso kamodzi kaja amagona limodzi, ngakhale kukazizira mkuluyo amayambiranso kuyetsemula ndiye ndimamutsekera ku bafa masiku angapo. Apongozi ayambanso kunena za kena kakuda koyera mapazi kali kwa aneba omwe aja, ndawauza kuti loja akasamuka tikambirana.

Wowerenga wanu,
Mayi wa ku Mufakose, Harare