Keyala imasintha, koma mafayilo athu m'maofesi akadali ndi yakale

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata ndinenepo za keyala, nkhani yomwe ambiri kuno ku Lusaka timaiona ngati yaing'ono mpaka tsiku lomwe yatipweteka.

Mwezi watha ndinaperekeza amalume anga ku ofesi ina mutauni kukatsatira ndalama zawo za penshoni. Tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa, atatiitana mayi wa pa kompyuta uja akuti bambo tinakulemberani makalata awiri kuti mubweretse mapepala ena koma onse anabwerera. Kuyang'ana mufayilo, keyala yomwe ilimo ndi bokosi la kampani yomwe amalume ankagwirako kalekale, kampaniyo inatseka, bokosi linapita kwa ena, nambala ya foni nayo ndi ya layini yomwe inasowera limodzi ndi foni yake. Amalumewo anachoka ku Matero kupita ku Chawama, kenako kumudzi ku Katete, nkubwereranso, osauza ofesi olo imodzi. Sikuti ndi ulesi ayi, palibe anawauzapo kuti zimafunika. Mu minibasi pobwerera sanalankhule kanthu mpaka kutsika, ndipo zinandiwawa kwambiri chifukwa ndalamazo anazikhetsera thukuta zaka zambiri.

Ambiri timaganiza kuti nambala za ku positi zikaikidwa ndiye basi zakhazikika. Si choncho. Akuluakulu akukumbuka kuti bokosi la yunivesite ya UNZA linali 2379, manje ndi 32379, anangowonjezera 3 kutsogolo. Mabokosi a ku Ridgeway ankalembedwa ndi zilembo RW, lero amayamba ndi 50. Cholinga chake chinali chabwino, kuti wosankhula makalata akangoona manambala oyamba adziwiretu thumba loponyamo, 2 ndi Kitwe, 7 ndi Ndola, 51 ndi kwathu ku Chipata, osadikira kuwerenga envulopu yonse.

Ndipo zidzasinthabe, chifukwa tauni ikukula. Tayang'anani Chalala, tayang'anani Silverest ndi mbali ya Ibex kumtunda uko, malo omwe tili ana kunali tchire ndi mafamu lero nyumba zili thothotho. Dera limodzi likadzadza anthu, makalata ndi mapaselo amachuluka kuposa momwe ofesi imodzi ingakwanitsire, ndiye amaligawa pawiri, gawo latsopano nkulandira nambala yake. Malire nawo amasuntha. Muchinga inakhala chigawo mu 2011, Chilanga inali pansi pa Kafue isanakhale boma payokha, Chirundu anaibweretsa ku chigawo cha Lusaka kenako nkuibweza ku Southern. Olo maina amasintha, agogo athu ankalemba Fort Jameson pomwe ife tilemba Chipata. Si kuno kokha, ku Singapore positi khodi, nambala yolozera dera pa keyala, inayamba ndi manambala awiri mu 1950, anayi mu 1979, kufika asanu ndi imodzi mu 1995 kuti nyumba iliyonse ikhale ndi khodi yakeyake.

Nanga ife? Fomu iliyonse ya pa intaneti ikafunsa positi khodi tonse timangolemba 10101, wa ku Kabulonga, wa ku Kanyama, wa ku Chelston, nambala imodzimodzi, ndiye sikulozanso paliponse. Keyala yathu yeniyeni mukomboni ndi ija ya pakamwa, mutsike pa sitesheni ya kumsika, mukhotere kumanja pa kantemba ka buluu, mufunse geti yakuda pafupi ndi mtengo wa mango. Mnyamata wa njinga yamoto wobweretsa katundu amaimba foni kanayi asanakupezeni, zimenezo tinazolowera, koma ganizirani usiku munthu akudwala mwakayakaya, woyendetsa ambulasi akufunafuna mtengo wa mango womwe landilodi anadula chaka chatha.

Ndikudziwa kuti a ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi za positi, anayamba ntchito yoika maina a misewu, manambala a nyumba ndi makhodi atsopano, ndipo zikwangwani zina tinaziona m'madera ena. Ntchito imeneyi ndiyabwino, ipitirire mpaka ifike mkati mwa komboni osangothera kumayadi. Pempho langa kwa iwo ndi a Zampost ndi loti khodi ikamasintha alengeze pa wailesi m'zilankhulo zathu, auzenso matchalitchi ndi makhansala, ndipo yakale izigwirabe ntchito limodzi ndi yatsopano kwa nthawi ndithu, chifukwa nambala yakale ija imakhala yalembedwa kale m'mafayilo masauzande, kubanki, kusukulu, pa malisiti a mabizinesi, ndipo mafayilo sadzikonza okha.

Maofesi nawo, munthu akabwera pa kauntala olo wabwerera zina, tamufunseniko kuti kodi mukadali komwe mumakhala kuja, nambala ikadali yomweyi? Ndi funso la mphindi imodzi chabe. Ndipo ife a lendi amene timasamuka pafupipafupi, katundu akangolowa m'nyumba yatsopano tizipitanso kubanki, ku ZRA kwa amisonkho, ku PACRA kolembetsa mabizinesi ngati tili ndi kabizinesi, kusukulu kwa ana ndi kosungitsa penshoni kukasinthitsa, makamaka tiwathandize makolo athu omwe mafomuwa amawavuta.

Amalume aja tinawadzazira fomu yatsopano tsiku lomwelo, ndinaikapo nambala yanga ngati yachiwiri kuti yawo ikapanda kupezeka aziimbira ine. Mapepala omwe ankafunika aja tinakapereka sabata yatha, manje tikudikira foni.

Wokhudzidwa,
Chilenje, Lusaka